Maliro Okana Kutsika

Zaka zake sindinaziwerenge. Ndinanyamuka chimanga chitayamba kumasula, ndinabwereranso chimanga chitayamba kumasula, koma kuti pakatipo panadutsa dzinja kangati, kaya.

Chimene chinandichotsa pamudzi ndi tsitsi la amayi. Mkulu wanga Fanuwelo anamwalira ku Joni, ndipo anamuika komweko chifukwa panalibe woti n'kubweretsa thupi. Kwathu maliro akaikidwa abale amameta, kuti chisoni chigwe pamodzi ndi tsitsi, anthu abwerere kumunda. Tonse tinameta, koma amayi anakana. Anati iwo sameta maliro amene sanawaone, poti ku Joni anthu amafa pafoni kenako n'kutulukira pa Khirisimasi atasenza wailesi. Anamanga duku, n'kulimbitsa mfundo. Abusa anayesa, amalume anayesa, koma amayi anga akati ayi ngakhale mbuzi zimadziwa. Kumunda anasiya, kutchalitchi anasiya. Ankangokhala pakhonde atayang'ana kumsewu, basi ikaima n'kudzuka, ikanyamuka n'kukhalanso.

Mnzake wa Fanuwelo anatumiza uthenga woti iwo analemba munthu wojambula, ndipo mwambo wonse wa maliro uli pa intaneti. Anapereka keyala yake, ine n'kuikopera papepala chilembo ndi chilembo. Pambali pake panali kukula kwa kanemayo: mamega 36,000. Uthenga umenewu unali womaliza, nambala ya mnzakeyo sinayankhenso. Pamudzi pathu netiweki inkapezeka pachulu pokha, yongokwanira kuti halo, muli bwanji. Choncho ndinauza amayi kuti ndikupita kutauni kukatenga malirowo, adzawaone ndi maso awo. Anandiyang'ana. Diso lawo lakumanzere linali litayamba kale kuchita ng'ala.

Tauni yoyamba inali ya fumbi, ya msewu umodzi. Pakhoma la nyumba ina panalembedwa ndi penti yowala kuti INTANETI YOTHAMANGA, MAMEGA 10 PA SEKONDI. Ine masamu ndinkawatha, musandione chonchi. Ndinatembenuza pepala langa n'kugawa 36,000 ndi 10, yankho n'kukhala masekondi 3,600, ndiye kuti ola limodzi ndendende. Ndinagula fulashi yaikulu yosungiramo kanemayo, ndinagula ola limodzi, n'kukhala pa kompyuta ya pakona mtima uli m'malo.

Pagalasi panabwera kamzere kobiriwira kosonyeza zimene zatsika. Kanayamba kuyenda, koma mayendedwe ake anali a munthu wopita kumene sakufuna. Ola linatha kamzereko kasanafike n'pakati pomwe. Mwini malo anandigwira paphewa, popeza kumbuyo kwanga kunali anthu pamzere. Ndinamupempha kuti anditsegulire zochepa zimene zatsikazo. Ndinaona tenti yoyera pabwalo lopanda udzu, mphepo ikuikupiza. Wojambulayo anali wakhama zedi, anayamba ntchito anthu asanafike. Amuna angapo ankatsitsa mipando ya pulasitiki m'lole, kutsitsa, kundandika, kutsitsa, kundandika. Kenako bambo wina wa chipewa chofiira ananyamula mpando, n'kutembenukira kwa wojambula ngati akufuna kunena kanthu. Chithunzi chinauma pomwepo.

Mwini malo anati netiweki yavuta lero, ndibwere mawa. Mawa lake kunalibe magetsi. Atabwera magetsi, zinapezeka kuti kanema wa mtundu umenewu ukadukiza amayambiranso pachiyambi. Ndinagulanso ola limodzi, pakuti masamu anga ndinawabwereza katatu ndipo sanasinthe. Ola litatha ndinapezanso bambo uja ali chinyamulire mpando wake.

Kubwerera chimanjamanja ndinachita manyazi. Ndinalembedwa ntchito yokumba ngalande yoikamo chingwe cha intaneti. Kapitawo wathu anationetsa m'kati mwa chingwecho, mmene munali tiulusi toonda ngati tsitsi, n'kunena kuti mawu ndi zithunzi za dziko lonse zimadutsa mmenemo. Ndinaphunzira kugwira piki mosathyola msana, kudziwa mwala pomva kulira kwa nthaka, ndi kugona masana chiimire. Nthawi zina pokwirira ndinkaganiza kuti mwina Fanuwelo akudutsa pansi pa mapazi angawa, ine n'kumamuthira dothi kachiwiri. Tinakumba kutuluka m'tauniyo, kudutsa midzi imene agalu ake onse ankafanana, kuwoloka mitsinje youma. Mvula inabwera, inapita, inabweranso. Pamene ngalande inathera, kapitawo anatiuza kuti ntchito yatha, ndipo ndinapezeka ndili m'tauni ina.

Imeneyi inali ya njanji, koma sitima sinkabwera. Anthu ankayanika zovala panjanjipo. Kumeneko ndinakumana ndi a Likongwe, bambo wamfupi wolemba zotsatsa malonda m'makoma, amene zala zawo zinali zitaiwala mtundu wake weniweni chifukwa cha penti. Ananditenga kuti ndiziwagwirira makwerero, kenako anandipatsa burashi. Lamulo lawo linali limodzi: nambala ikhale yaikulu ngati chitseko, tizilembo ta pansi pake tikhale ngati nyerere, chifukwa wodutsa pa njinga alibe nthawi ya nyerere. Chaka chimenecho kampani ina ya intaneti inkafuna 20 pakhoma lililonse. Ndinapenta 20 pa magolosale, pa zigayo, pa mpanda wa sukulu, mpaka pa chimbudzi cha pamsika. Dzanja langa linazolowera moti ndinkatha kumulemba nditatsinzina.

Tsiku lina tili pamwamba pa makwerero ndinawafunsa kuti kodi 20 ameneyu kwenikweni ndi 20 wa chiyani.

"Ine ndimapenta, mphwanga, sindilawa," anatero, n'kupitiriza kuzungulitsa ziro.

Titapenta ofesi ya kampaniyo, mayi wolandira alendo anandimvera chisoni nditamufotokozera za amayi. Anati kompyuta yake ndikhoza kuigwiritsa ntchito iye akapita kukadya, bola bwana asadziwe. Ndinagawa 36,000 ndi 20, ndinapeza theka la ola, ndipo iye anati theka la ola ndilo amapatsidwa. Ndinasangalala ngati ndatola. Anapita, kamzere kanakwawa, anabwerera, n'kunena kuti pepani achimwene, bwana ali panjira. Ndinatsegula zimene zatsika. Tenti ija, mphepo ija, lole ija, bambo wa chipewa chofiira, mpando uli m'malere. Ulendo uno zinkaoneka ngati pakamwa pake patseguka pang'ono kuposa kale, koma mwina anali maso anga.

Apa m'pamene mantha anandigwira. Tauni ina, makina ena, liwiro lowirikiza kawiri, koma n'kuimira malo amodzimodzi? Sabata yomweyo mlongo wanga Ndaziona anakwera pachulu n'kundiimbira. Anati diso lachiwiri la amayi layambanso, moti kukachita mitambo amazindikira anthu ndi mawu okha.

"Achimwene, mubwera liti? Amayi akuti mwina nanunso mwafa pafoni."

Ndinamuuza kuti ndatsala pang'ono. Nditadula foni ndinakhala panjanji mpaka matako kuwawa.

Anthu anandilozera kwa mneneri wina amene ankapemphera paphiri. Ndinakwera, ndinamufotokozera zonse. Anagwedeza mutu ngati nkhaniyo anaimva kale, n'kunena kuti womwalirayo akukana kutsika chifukwa pali amene wamutsekera njira, ndipo si wina ayi koma wa chipewa chofiirayo. Anaitanitsa fulashi yanga, anaipempherera mokuwa, kenako anaiviika m'madzi odalitsidwa. Nditatsika phiri fulashiyo sinagwirenso ntchito. Sindinamukwiyire mneneriyo, mphamvu zokwiyira ndinalibe. Ndinangotsanzika kwa a Likongwe, iwo n'kundipatsa burashi yakutha kuti ndiziwakumbukira, ndipo ndinaitaya pa mlatho woyamba.

Ndinadutsa malo ena ambiri. Kwina ndinalondera nsanja ya mafoni, kwina ndinasenza mitengo ya mawaya. Kulikonse makoma ankalonjeza nambala, ndipo nambalazo zinkakula pamene ine ndinkaonda.

Mapeto ake ndinafika mumzinda wa zitunda, kumene nyumba zinakwerana ngati zikufuna kuona chinthu chimodzi. Ndinalembedwa ntchito yogulitsa tibokosi ta intaneti khomo ndi khomo. Anatipatsa malaya a buluu ndi mawu oti tiziloweza: mamega 40 pa sekondi, filimu yonse yatsika musanamalize kapu ya tiyi. Ndinkanena mawuwa ndi mtima wonse, ndipo anthu ankagula chifukwa nkhope yanga ndi ya munthu wosadziwa kunama. Pakapita masiku ankandiimitsa pamsewu n'kunditukwana. Mphunzitsi wina anati tiyi wake anazizira, anaphika wina, anaziziranso. Mayi wina wosoka anandigenda ndi kabokosiko, mwamwayi anaphonya. Ine ndinkapepesa n'kumati netiweki yavuta, pakuti ndi zimene nanenso ndinauzidwa.

Aliyense wa ife anali ndi kabokosi koonetsera makasitomala, kamene kankagwira mphindi 15 patsiku kenako n'kudzitseka. Tsiku lina ndinatulutsa pepala langa, limene tsopano linali lofewa ngati nsanza, n'kugawa 36,000 ndi 40. Mphindi 15. Ndinaseka ndekha. Ndinati apa Mulungu walemba yekha. Ndinabwereka kompyuta ya m'manja kwa mnzanga, ndinagula fulashi ina, n'kukhala pa kalavati m'mbali mwa msewu dzuwa lili pamutu. Mphindi 15 zinatha, kabokosi kanazima. Sindinafune n'kutsegula komwe, koma ndinatsegula. Bambo wa chipewa chofiira uja anali pomwepo ndi mpando wake.

Ndinalira, abale. Munthu wamkulu, malaya a kampani ali m'thupi, kulira pamsewu anthu akudutsa. Ndinali nditatopa ndi misewu, nditatopa ndi manambala, nditatopa ndi mkulu wanga amene ankakana kubwera kwa amayi ake ngakhale pagalasi.

Anandipeza pamenepo ndi Mayi Nankhoma, amene kampani inkawatuma kukakonza kumene anthu adandaula. Anali mayi wa mawu aakulu, wovala ovolosi, wokwera mitengo ya mawaya ngati akukwera masitepe a pakhomo pake. Anaimika njinga yamoto, n'kufunsa ngati ndaferedwa. Ndinati eya, koma kalekale. Ndinawafotokozera kuyambira pa duku la amayi mpaka pa mneneri wa paphiri. Anatenga pepala langa n'kuyang'ana masamu a zaka zonse aja, ola limodzi, theka la ola, mphindi 15. Anayamba kuseka, koma ataona nkhope yanga anasiya.

Pafupi pathu panali mayi wogulitsa matimati m'milu. Mayi Nankhoma anandikokera pomwepo n'kuloza mulu umodzi.

"Tinene kuti mulu uliwonse uli ndi matimati eyiti. Inu mwaitanitsa milu 40. Ine ndakulonjezani kuti ndizikupatsirani 40 pa sekondi, koma ine ndikuwerenga timati limodzilimodzi. Pakatha sekondi muli ndi milu ingati?"

Ndinawerenga ndi zala. "Isanu."

"Basitu. Apakhoma aja ndi mamegabiti, amawerenga limodzilimodzi kuti nambala ioneke yonenepa. A kanema wanuyu ndi mamegabaiti, amawerenga milu. Anthu onsewa amangoti mega, mega. Nthawi imene mwapezayo muzichulukitsa kaeyiti."

"Ndiye akunama ndani?"

"Palibe. Vuto lake ndi limenelo."

Anati safunsa anadya phula. Ndinawauza kuti ndinafunsa, koma ndinafunsa wopenta. Apo anasekanso, ine ayi. Ndinkaganiza za makoma onse amene ndinawalemba 20 ndi dzanja langa, za mphunzitsi wa tiyi wozizira, za mayi wosoka amene ndinamutcha wamisala mumtima. Kanemayo ankaimira malo amodzi chifukwa ulendo uliwonse ndinkadikira gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a nthawi yofunika, kaya liwiro likhale lotani. Panalibe wotseka njira. Fanuwelo sanakane kutsika, ndine amene ndinkanyamuka msanga. Tsiku lomwelo ndinavula malaya a buluu aja, n'kulumbira kuti sindidzanenanso kwa munthu chinthu chimene sindinachione ndekha.

M'mawa mwake Mayi Nankhoma ananditengera kukachipinda kawo kokonzera zinthu, kodzaza mawaya ndi fungo la chitsulo chopsa. Analumikiza kompyuta yawo, n'kunena kuti pa liwiro la 40 lomwe lija mwa masamu ndi maola awiri, koma ndionjezerepo poti enanso akumwa pachitsime chomwecho. Anandiikira benchi, n'kundiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, iwo n'kupita kukakwera mitengo yawo. Ndinakhala. Kamzere kanafika pamalo pake paja, koma iko kanangodutsa ngati sikakupadziwa. Patatha pafupifupi maola atatu kanafika kumapeto.

Ndinatsegula. Tenti, mphepo, lole. Bambo wa chipewa chofiira ananyamula mpando, anatembenuka, anatsegula pakamwa, n'kuyetsemula. Kenako anaika mpandowo pansi n'kukatenga wina. Zaka zonsezi ndinkaopa munthu wa chimfine.

Anthu anabwera, osati ambiri, mipando yochuluka inakhala yopanda munthu. Anaimba nyimbo m'chilankhulo chimene sindichimva. Panafika galimoto yaitali, amuna asanu ndi mmodzi n'kutulutsa bokosi lofiirira. M'busa anatchula dzina la mkulu wanga molipotokola, ngati likumuwotcha lilime. Ndinkadikira kuti atsegule bokosi anthu aone nkhope monga timachitira kwathu. Sanatsegule. Analinyamula, analitsitsa ndi malamba, anathira dothi, anthu n'kubwerera kukadya. Ndinabweza kanemayo n'kuonanso kuyambira pamene galimoto inafika, pang'onopang'ono, kuti mwina ndinaphethira. Nkhope ya Fanuwelo munalibemo.

Mayi Nankhoma anachepetsa kanemayo kuti akwane m'foni mwanga, ndipo sanalole kuti ndiwathokoze kwambiri. Anati ndithamange, ng'ala sidikira munthu.

Ulendo wobwerera unali waufupi modabwitsa. Makoma amene ndinapenta anali atafufutika, ena atalembedwa manambala atsopano. Ngalande yathu inali itamera udzu. Basi itaima pamudzi, ndinaona munthu pakhonde akudzuka pang'onopang'ono atagwira mzati. Ndaziona anatuluka m'nyumba ali ndi mwana kumsana, wina akumukoka chitenje, ana amene ine sindinkawadziwa. Amayi anandizindikira ndi mayendedwe ndisanalankhule. Maso awo onse awiri anali oyera ngati madzi a mpunga. Duku linali lomwe lija, litasuluka.

Sanandifunse kumene ndinachedwa. Anangotambasula dzanja kuti ndiwapatse chimene ndinapitira. Ndinayatsa kanemayo n'kuwaikira foni m'manja. Anaiyandikiza kumaso mpaka mphuno kugunda galasi, anaitembenuzira ku diso lina, kenako anati akungoona kuwala kukugwedezeka. Ndiye anaiika pakhutu.

Anamvetsera zonse, osalola kuti ndidumphitse ngakhale za mipando. Mthunzi wa nyumba unachoka pamapazi athu n'kukafika pa nkhokwe. Foni itafooka ndinailumikiza ku kabatire kamene ndinabwera nako. Ndaziona anagoneka mwana n'kudzakhala kumbuyo kwawo, ndipo pamene amayi ankapumitsa khutu n'kutsitsa foni pamiyendo, iye ankasuzumira pagalasi. Galimoto ikufika anaiona, bokosi likutsika analiona lili chitsekere. Amayi anamva dzina lopotoka lija, anamva nyimbo zachilendo, anamva dothi likugunda thabwa. Kanema atatha amayi anaika foni pamiyendo. Kenako anati dzina aliyense akhoza kulitchula, ndipo m'bokosi mukhoza kugona aliyense.

"Iwe waona zonse?"

"Zonse, amayi. Kawiri."

"Anatsegula?"

Ndinayang'ana Ndaziona. Iye anayang'ana pansi. Kumsewu kunamveka basi ikubwera, ndipo ndinaona dzanja la amayi likuyamba kale kufufuza mzati kuti adzuke. Lumbiro langa lija linali lisanathe ndi sabata yomwe.

"Anatsegula, amayi."

"Anali iyeyo?"

"Iyeyo."

"Anamusambitsa bwino? Fanuwelo sankakonda ndevu."

"Anamumeta. Anamuveka malaya oyera."

Basi inaima, inatsitsa anthu, inanyamuka. Amayi sanadzuke. Anakweza manja n'kuyamba kumasula duku, koma mfundo inali itauma ngati mwala, moti anachita kuikokera kutsogolo n'kuiluma ndi mano. Tsitsi linatuluka loyera, lopotana, lofika m'mapewa. Ndaziona analowa m'nyumba n'kubwera ndi lezala ndi beseni la madzi, n'kundipatsa ine poti tsopano wamkulu ndine. Ndinagwada, ndinaika dzanja pamutu pa amayi. Iwo anagwira mkono wanga, n'kuusunga kanthawi.

"Mpatse Ndaziona," anatero motsitsa mawu. "Iwe dzanja likunjenjemera. Watopa, mwananga, wachita mbali yako."